LUNDAZI: TINATSATA NSHAWA KUCOKERA PAMSIKA MPAKA KUMALIRE

Anthu ambiri a mu Lusaka ndi ku Migodi mukawachulira dzina la Lundazi amakumbukira zinthu ziwiri cabe: nyumba ija ya njerwa zofiira yooneka ngati ya mafumu akale a ku Ulaya, ndi kutalika kwa ulendo. Zonse ziwiri ndi zoona. Kucoka mu Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndipo pa Chipata mumakhotera kumpoto ndi kuyendanso makilomita ena ngati 180 mu msewu wa M12. Mlendo wofika madzulo ali wotopa amangolowa mu lesitilanti yoyamba imene waona ndi kuitanitsa nkhuku ndi machipisi. M'mawa mwake ajambulitsa cithunzi pa Castle, kenaka abwerera kwao kukauza anzake kuti Lundazi waidziwa. Ife tikuti munthu wotere wadya za mu Lusaka ali ku Lundazi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Motero titafika kumeneko m'mwezi wa Julayi, nthawi imene dzinthu zacoka m'minda ndipo malonda ali pakati, tinapempha mwini dera kuti atiyendetse. Anali mai wacikulire, mphunzitsi wopuma pa nchito, wobadwira m'dziko la Mfumu Mphamba, amene tsopano amalima ndi kugulitsa nshawa. Theka la tauni linadutsa m'kalasi mwao, ndipo aliyense, ngakhale abambo a imvi, amawaitana kuti "amama". Ifenso tiwachula tero. Malamulo ao anali atatu: galimoto tiisiye kumene tagona, tibwere ndi njala, ndipo tisafunse mtengo wa cinthu tisanapereke moni.

Moni umenewu si wa Cinyanja ai. Mu Lundazi anthu amamva Cinyanja bwino lomwe, ndipo ku dera la Mfumu Yaikulu Mwase kuli Acewa ambiri, koma cilankhulo ca pamsika ndi Citumbuka. Amama anatiphunzitsa kunena "Monire amama, muli uli?" ndi kuyankha "Tili makora, kwali imwe?" Anatiuzanso kuti ndiwo kuno ndi dende, cimanga ndi vingoma, kayera ndi nchunga, nsinjiro ndi nthendero, thobwa ndi cindongwa, ndipo nshawa ndi skawa. Musaganize kuti mau amenewa ndi okometsera cabe. Tinaona ndi maso athu kuti dzanja la mai wogulitsa limalemera poika mbasela ngati wogula wayamba ndi "monire".

Msika wa maiko atatu

Kufikira mu 2018 boma la Lundazi linali lalikulu kwambiri, loyambira kumalire a Malawi mpaka kumtsinje wa Luangwa, ndipo kalembera wa mu 2010 anapezamo anthu opitirira 320,000. M'caka cimeneco ca 2018 linagawidwa patatu, nabadwa maboma a Lumezi kum'mwera ndi Chasefu kumpoto. Lundazi inatsala ndi mafumu atatu, a Mwase, a Kapichila ndi a Mphamba, ndipo pa kalembera wa mu 2022 inali ndi anthu pafupifupi 155,000. Koma mimba sidziwa malire a maofesi. Wa ku Lumezi, wa ku Chasefu ndi wa ku Chama akafuna kugulitsa kapena kugula zambiri amabwerabe kuno "ku boma", ndipo ndico cifukwa cake msika wa pano uli ndi zinthu zocuruka kuposa msinkhu wa tauni yake.

Amama sanatiyendetse mwa mizere ya matebulo. Anatiyendetsa mwa kumene cinthu cacokera. Nsomba zouma zakuda ndi utsi, malambe ndi masau, izo zakwera kucokera kucigwa ca Luangwa. Mpunga wonunkhira uja, umene mukauphika anansi amadziwa, ndi wa ku Chama, boma limene linaperekedwa ku cigawo ca Muchinga mu 2011 ndi kubwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021, koma mpunga wake sunaleke kudzera pa Lundazi zaka zonsezo. Usipa wonyezimira ndi wa ku nyanja ya Malawi, ndipo amama anatiphunzitsa kuusiyanitsa ndi kapenta wa ku Mpulungu kapena ku Siavonga poyang'ana kutalika ndi kulawa kamodzi. Kandolo, kayera, nyemba, nzama, maungu ndi mpendadzuwa ndi za pamtunda pompano. Tebulo limodzi la mai mmodzi lingakhale ndi za kucigwa, za kunyanja ndi za pamtunda, zonse pa nsalu imodzi ya citenje.

Koma mfumu ya msika umenewu m'nyengo yozizira ndi nshawa. Zili paliponse: zosasenda m'masaka, zosenda m'mabeseni, zokazinga ndi mcere m'timapepala, zosinja kale m'timbale, ndiponso ciponde m'mabotolo amene kale munali zina. Cigawo ca Kum'mawa ndico cimalima nshawa zambiri koposa zigawo zonse za Zambia, ndipo dera la Lundazi lili pakati pa amene amatsogolera.

Apa amama anatiimika nthawi yaitali ngati ana a giredi 4. Anatola nshawa zitatu ndi kuziika pa cikhatho. Yoyamba inali yaikulu, yotuwirako: iyi ndi Chalimbana, mbeu yakale imene agogo athu anali kuidziwa, yokoma pokazinga ndi posinja, koma yocedwa kukhwima ndiponso yosabereka kwambiri. Yaciwiri inali yofiira, yonenepa bwino: iyi ndi MGV4, imene dzina lake licokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, ndipo tsidya lija la Malawi mbeu yomweyi amaiti CG7. Ili ndi mafuta ambiri, imabereka bwino, ndipo opanga ciponde amaikonda. Yacitatu inali Makulu Red, nayonso ya mafuta. Wogula wa mu tauni amangoti "nshawa ndi nshawa", koma mai wa kuno akafuna nsinjiro yotendera masamba amafuna Chalimbana, cifukwa akuti zofiira zikasinjidwa zimagwirana msanga mu mtondo kaamba ka mafuta, ndipo m'malo mwa ufa mumapeza phala.

Muyeso wa pamsika ndi meda, kacitini ka malita ngati 5. Amama anatinong'oneza kuti tiziyang'ana pansi pa meda tisanayang'ane pamwamba pake, pakuti meda wogulira ndi meda wogulitsira nthawi zina si mapasa. Wina ndi wotukumuka, wina anamenyedwa pansi ndi mwala. Zimenezi siziri ku Lundazi kokha, mumazidziwa inunso a ku Soweto Market.

Cakudya ca m'mawa tinadyera pa benci kumbuyo kwa msika. Kunalibe buledi. Kunali futali, ndiye kuti kandolo wophika wotendera nsinjiro, wotentha mpaka kuocha zala, ndi cigumu ca ufa wa mgaiwa ndi nthoci, ndi cikho ca cindongwa ca mawere cimene cinagona usiku umodzi cokha, cotsekemera koma coyamba kuluma pang'ono pa lilime. Titamaliza palibe amene anakumbuka za cakudya mpaka dzuwa litapendeka.

Kumayadi, kumasitolo ndi kukomboni

Ku Castle tinapitako ndithu, pakuti mlendo sangafike ku Lundazi osaiona. Anaimangitsa ndi Errol Button, DC wa m'nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1948 mpaka mu 1952, kuti ikhale nyumba yogonamo alendo oyenda pakati pa cigwa ca Luangwa ndi mapiri a Nyika. Anaiika moyang'ana damu, pafupi ndi pamene mitsinje ya Lundazi ndi Msuzi imakumana, ndipo mwana wake wamkazi ndiye anaipatsa dzina la mu nthano za ku Ulaya lakuti Rumpelstiltskin, dzina limene silinakhazikike pa lilime la munthu aliyense wa kuno. Onse amangoti Castle. Amama anatilola kujambula, kenaka anatikumbutsa kuti amene anaumba njerwa zonsezo ndi kuzikweza pamwamba pa nsanja anali anthu a m'midzi yozungulira, ndipo anali kugwira nchitoyo ndi mphamvu ya sima ndi dende la nthendero.

Kucokera pamenepo munthu amaona bwino m'mene tauni inayalidwira, mofanana ndi maboma ena akale monga Petauke ndi Katete. Cakumtunda kuli maofesi ndi nyumba za kumayadi, za mipanda ndi mitengo ikuluikulu ya mango. Kutsikirako kuli mzere wa masitolo, ambiri mwa akale ali m'manja mwa mabanja ocokera ku India amene makolo ao anafika m'cigawo cino kudzera ku Fort Jameson, ndipo ena mwa adzukulu ao amakamba Citumbuka cosamveka cilendo ngakhale pang'ono. Samusa amene ana a sukulu amagula pa kantemba analowa mu Lundazi kudzera m'makhichini a mabanja amenewa. M'makonde mwa masitolo ndi momwe mumakhala masikelo a ogula mbeu, ndipo m'Julayi simungadutsepo osapewa njinga yosenza masaka awiri kapena ngolo ya ng'ombe. Kupitirira apo ndiye makomboni, kumene kumakhala anthu ambiri a m'tauni, ndipo kumeneko ndi kumene Lundazi imaphika zake zenizeni.

Tinafunsa amama cifukwa cake m'malesitilanti ambiri simupezeka ndiwo zotendera, kupatula repu wokazinga ndi saladi. Anaseka, nati mwini lesitilanti amaopa kuti bwana wa mu Lusaka akaona mphangwe ya nthendero pa mbale adzati wapatsidwa cakudya ca amphawi. Ife tikuona kuti mantha amenewa ndi otaitsa ndalama. Mabwana omwewo akafika mu Lusaka amafola pa mzere ku matebeto kulipira ndalama zambiri kuti adye cimene kuno tikucibisa kumbuyo kwa nyumba.

Nsima ya masana, imene inapsa ca m'ma 14 koloko, tinadyera kwa mng'ono wao wa amama m'komboni ina kufupi ndi cigayo. Mwini nyumba anatilandira ndi "Tampokererani, walendo withu," natiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo ife amene tinafuna kuona kaphikidwe anatilola kukhala pafupi ndi mafuwa.

Ndiwo zotendera zimaoneka zapafupi kwa munthu amene sanaziphikepo. Masamba a maungu amayamba awasadzula, ndiye kuti kucotsa ulusi wa m'mapesi, kenaka kuwadula bwino. Madzi amakhala ocepa, ongokwanira kufewetsa masamba, ndi mcere ndi matimati. Nsinjiro imathiridwa pamwamba masamba atafewa, ndipo mai uja sanavundule nthawi yomweyo. Anavundikira mphika kuti nthunzi iphike nsinjiroyo payokha, pakuti nsinjiro yosapsa imamveka ciwisi ndiponso imatsegula m'mimba. Patapita kanthawi ndi pomwe anatenga mthiko, nacepetsa moto, navundula pang'onopang'ono mpaka mafuta a nshawa atayamba kuonekera m'mbali mwa mphika. Mu mphika umenewo simunalowe dontho la saladi wa m'sitolo. Mu mphika waciwiri munali delele wothira cidulo, madzi a phulusa la zitsononkho za cimanga osefedwa m'kacitini kobooka, amene amagwira nchito imene ena amagwiritsira soda. Mu wacitatu munali mfutso wa masamba a nyemba, amene anafutsidwa m'Malici masamba ali ambiri ndi kusungidwa kuti adzapulumutse banja mu Okutobala pamene dimba lauma. Nawonso unali wotendera. Pambali panali nkhuku ya kumudzi, yolimba mafupa, imene inaphedwa cifukwa ca ife.

Nsima inali ya ufa woyera wa mphale, cimanga cokonola, coviika m'madzi masiku angapo, coanika ndi kugayitsa. Ndi yosalala ndi yowawasa pang'ono, yosiyana kutali ndi ya ufa wa bulekifasiti wa m'masaka. Amama, pokhala mphunzitsi, sanalephere kutiuza kuti ufa wokomawu ndi umene wataya zambiri zomanga thupi pokonola ndi poviika, ndipo kuti phala la mwana liyenera kukhala la mgaiwa. Anapitiriza kutidabwitsa kuti pafupifupi zonse zinali pa mphasapo makolo ake ndi a kutsidya la nyanja. Cimanga cinayamba kulimidwa ku Mexico, ndipo nshawa ndi cinangwa kwao ndi ku South America. Maungu, kayera, matimati, tsabola ndi kandolo nazonso ndi za ku maiko a America, ndipo zinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi ndi amalonda ena zaka mazana angapo zapitazo. Zathu zenizeni zakale ndi mawere, mapira, nzama ndi nyemba. Ku Mexico cimanga amaciphika ndi laimu asanacipere, ndipo njira imeneyo imamasula zofunika m'thupi zimene njira yathu imasiya zomangika. Mbeu inaoloka nyanja, koma luso limenelo linatsala kwao.

Mbewa zinabwera mocedwa, zitapanidwa pa kamtengo, mnyamata wa pa nyumbapo atazigula kwa anzake ocokera kumunda. M'gulu lathu munali mnzathu wa ku Kasama, ndipo cimbuya cinabuka pomwepo. Iye anati anthu a Kum'mawa atha makoswe onse a m'dziko. Mwini nyumba anamuyankha mwaulemu wonse kuti, "Adada, pepani, kolwe wa kwanu tilibe kuno, mungolawako izi." Anamufotokozeranso kuti mbewa ndi ya kumunda, imadya mbeu zoyera, ndipo khoswe wa m'nyumba palibe amamudya. Mnzathuyo anadya ziwiri.

Malicero awiri

Cimene catipangitsa kulemba nkhani ino motalika tinaciona titatha kudya. Pakhonde panali atsikana awiri akusankha nshawa zosenda. Zonenepa, zosalala ndi zofanana anali kuziponya mu licero lalikulu. Zofota, zosweka, zakuda ndi zobooka ndi tizilombo anali kuziponya mu licero laling'ono. Titafunsa, anatiuza kuti licero lalikulu likupita ku sikelo, cifukwa wogula amakana zoipa kapena amatsitsa mtengo. Nanga laling'ono? Limenelo ndi la panyumba: la nsinjiro, la ciponde ndi la phala la mwana.

Amama anati zimenezi zimacitika pafupifupi m'nyumba iliyonse ya mlimi, ndipo iwo akhala akukangana nazo ndi abale ao omwe. Mu nshawa zofota ndi zoola ndi momwe mumakhala cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumupha. Akalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka amaononga ciwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akatswiri a zaumoyo amamuchulanso pakati pa zinthu zimene zimapinimbiritsa ana. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka 5 m'Zambia ndi opinimbira. Zifukwa zake ndi zambiri, koma n'zomvetsa cisoni kuti dera lodzala ndi cakudya comanga thupi lizipatsa ana ake zotsalira za sikelo.

Dzina la aflatoxin ambiri a ife tinalimva bwino mu Ogasiti 2024, pamene unduna wa zaumoyo unalengeza kuti poizoniyu wapezeka mu ufa wina wa cimanga wa m'zigayo zikuluzikulu, agalu pafupifupi 400 atafa. Cinali caka ca cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, ndipo mbeu yovutika ndi dzuwa m'munda ndi imene cuku cimailowa mosavuta. Koma alimi a nshawa anayamba kulangidwa ndi poizoniyu kale kwambiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Chalimbana wa Kum'mawa anali kugulitsidwa mpaka ku Ulaya. Msika umenewo unatayika, ndipo cimodzi mwa zotsekereza kubwererako ndi malamulo okhwima a maiko amenewo pa za aflatoxin.

Njira zimene cuku cimalowera amama anaziwerenga pa zala. Kucedwa kukumba nshawa zitakhwima. Kuziunjika pansi zisanaume. Kuzisunga m'masaka a pulasitiki m'nyumba yodontha. Ndipo coipa koposa, cizolowezi cowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, kapena kuti zilemere pa sikelo. Mankhwala ake safuna ndalama zambiri: kukumba pa nthawi yake, kuumitsa bwino pa thandala kapena pa mulu wolowa mphepo, kusunga nshawa m'makoko mwake mpaka tsiku lozifuna, kusenda zouma ngakhale zala zipweteke, ndi kutaya zoola. Osapatsa ngakhale nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, pakuti poizoniyu amadutsa mpaka mu mkaka. Covuta ndi cakuti kuuza mai amene wakolola masaka atatu okha kuti ataye theka la beseni ndi nkhani yolemera. Amama amawauza kuti ayambe acotsa za ana mu licero lalikulu, sikelo ilandire zotsala.

Ndalama ya nshawa imathera kuti?

Madzulo tinabwerera ku mzere wa masitolo, kumene malole anali kupakira. Nshawa zambiri za Lundazi zimacoka zosaphika, zosakazinga, zosagaya. Mlimi amagulitsa mu Meyi ndi Juni mtengo uli pansi, cifukwa ca ngongole ndi zofunika za ana a sukulu, kawirikawiri kwa ogula oyenda ndi sikelo m'midzi amene anthu amawati a bulifikesi. Nshawa zomwezo zikafika ku Chipata kapena mu Lusaka zimalowa m'makina, ndipo zina zimabwerera pa lole ina zili m'botolo lokongola, pa mtengo umene mlimi uja sangaukwanitse.

Zoyesa kusintha zimenezi zilipo. Bungwe la COMACO, limene linayambitsidwa ndi Dale Lewis kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 ndipo Lundazi inali pakati pa malo ake oyamba, limagula mbeu kwa alimi amene alonjeza kuleka kupha nyama za m'thengo ndi kusamala nthaka, ndipo ambiri anapereka mfuti ndi misampha yao. Ciponde, mpunga wa ku Chama ndi uci zimene limagulitsa ndi dzina la It's Wild! zimapezeka m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka. M'makomboni namonso tinaona timakina tating'ono togaya ciponde ndi tofinya mafuta a mpendadzuwa, kumene munthu amabwera ndi mbeu yake, kulipira pang'ono ndi kubwerera ndi botolo lodzala. Eni timakinati ndi anyamata ndi azimai a pompano. Ngati mlendo afuna kuti ndalama yake itsale mu Lundazi, agule kwa amenewa, ndipo asacite manyazi kupempha kuona nshawa zimene zikulowa m'makina.

Pa siteshoni ya mabasi, dzuwa litalowa, mbaula zinayaka. Panali michopo ya mbuzi, cinangwa coocha codyera pamodzi ndi nshawa zokazinga, ndi cikanda codulidwa m'timagawo ndi tsabola pambali. Cikanda, cimene Atumbuka amaciti cinaka, naconso theka lake ndi nshawa. Theka linalo ndi timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, touma ndi kusinja, tophikidwa ndi nsinjiro, soda ndi mcere mpaka zitalimba ngati soseji. Kale cinali cakudya ca kumudzi ca anthu a kumpoto, koma matauni atacikonda timizuto tinayamba kusowa, ndipo amalonda anayamba kutitenga kutali, ku mapiri a kum'mwera kwa Tanzania ndi ku Nyika. Dziko la Tanzania linakhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005, ndipo cimodzi mwa zolinga zake cinali kuteteza maluwa amenewa. Mai amene anatigulitsa anati timizu ta masiku ano ndi tating'ono ndi todula kuposa ta kale.

Kumalire a Lusuntha

Tsiku laciwiri amama anatilola kukwera galimoto, ndipo tinalowera kum'mawa ku cipata ca Lusuntha, ulendo wosakwana ola limodzi. Tsidya linalo ndi boma la Mzimba m'dziko la Malawi, ndipo msewu umakafika pa Jenda, pa msewu waukulu wa M1 wa dzikolo, pamene pali msika wochuka wa matimati, anyezi, kayera ndi mbatatesi. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi mu 1835, gulu la M'mbelwa linadzakhazikika pakati pa Atumbuka, ndipo mzere wa atsamunda unadzadutsa pakati pa mabanja. Mafumu a Magodi ndi Phikamalaza ku Chasefu ndi a mtundu womwewo ndi Angoni a ku Mzimba. Kwa zaka zambiri ngakhale magetsi a mu Lundazi anali kucokera ku Malawi.

M'njira tinakumana ndi njinga ndi zithuthuthu zambiri, zina zopita, zina zobwera. Amama anati mukafuna kudziwa mbali imene kuli njala kapena kumene ndalama yagwa mphamvu caka cimeneco, musafunse wailesi, muyang'ane kumene masaka aloza. Caka cina cimanga ndi nshawa zimalowera kum'mawa, caka cina shuga ndi usipa zimacuruka kubwera kuno. M'midzi ya m'mbali mwa msewu tinaona nkhokwe zazing'ono zomatidwa ndi dothi zosungiramo nshawa m'makoko mwake, njira yakale imene alangizi a zaulimi a lero akuivomerezanso. Pa mudzi wina wa Angoni anatipatsa mkaka wowawasa wa m'cikho kuti tidyere nsima yozizira, ndipo mwini mudzi, poona kuti amama ndi mphunzitsi wake wakale, anavula cisote ndi kukhala pansi asanayambe kukamba nao.

Kwa inu amene mufuna kupitako, nyengo ndiyo imasankha cimene mudzadya. Kuyambira Epulo mpaka Meyi kuli nshawa zaziwisi zowiritsa, maungu ndi cimanga coocha. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya kandolo, mbewa ndi malonda a mbeu, ndipo usiku kumazizira, tengani juzi. Mu Ogasiti Atumbuka a Mfumu Mphamba amacita mwambo wa Kulonga, wothokoza pa zokolola zimene zalowa m'nkhokwe, ndipo mu Okutobala anthu a Mfumu Yaikulu Magodi amasonkhana pa Emusa ku mwambo wa Zengani. Masuku amapsa mvula ikayandikira. Ikagwa yoyamba kumatuluka inswa, ndipo mu Disembala ndi Januwale azimai amabwera pamsika m'mamawa ndi mabeseni a bowa, umene kuno amauphikanso ndi nthendero. Bowa musagule nokha ngati simuudziwa. Pitani ndi mai wa komweko akusankhireni.